Kujambula pa Miyala: Mmene Mungayambire Kuno ku Mangochi

Pazenera la chipinda changa pali mwala wosalala, waukulu ngati dzira la bakha, umene ndinautola m'khwawa lina m'mbali mwa msewu wokwera ku Namwera, ndipo pamwalapo pali nsomba ya mbuna, yabuluu, ya mizere yakuda yoimirira. Alendo akauona amautenga m'manja, amautembenuza uku ndi uku, kenaka amafunsa kumene ndinagula penti wake. Nanenso ndinayamba ndi funso lomwelo, koma pang'ono ndi pang'ono ndinazindikira kuti chithunzi cha pamwala chimakongola kapena kuwonongeka burashi isanaviikidwe n'komwe mu penti. Zonse zimadalira mwala umene mwasankha, mmene mwautsukira ndi kuuyanika, ndiponso ngati muli ndi mtima wodikira kuti penti woyamba aume musanapake wina pamwamba pake.

Kujambula pa miyala si chinthu chachilendo m'dziko muno. Ku Chongoni, m'boma la Dedza, kuli malo okwana 127 amene pali zithunzi zakale pa matanthwe ndi m'mapanga, ndipo bungwe la UNESCO linaika dera limeneli pa mndandanda wa malo ofunika kwambiri padziko lonse mu 2006. Zithunzi zofiira za kumeneko zinajambulidwa ndi Akafula, amene ena amawatchula kuti Abatwa, pamene zoyera zinajambulidwa ndi Achewa pogwiritsa ntchito dothi loyera, ndipo zambiri mwa izo zimakhudza chinamwali ndi gule wamkulu. Anthu amenewo analibe sitolo yogulako utoto, koma anatenga zimene zinali pafupi nawo n'kujambula zimene zinali zofunika pa moyo wawo. Ifenso tingachite chimodzimodzi, kungoti ife tizijambula pa miyala ing'onoing'ono yonyamula m'manja, osati pa matanthwe a m'mapiri kapena a m'mbali mwa nyanja, amene si a munthu mmodzi.

Kusankha ndi kutola mwala

Mwala wabwino kwa woyamba ndi wosalala, wolimba, wokhala ndi mbali imodzi yophwatalala, ndipo ukhale wokwana m'chikhatho. Miyala yotere imapezeka m'makwawa ndi m'timitsinje totsika m'mapiri, mmene madzi akhala akuigubuduza kwa zaka zambiri mpaka nsonga zake zonse zinatha, ndipo nthawi yabwino yoifunafuna ndi m'chilimwe pamene madzi aphwa. Njira yosavuta yoyesera ndiyo kuyendetsa chala chachikulu pamwamba pake mutatsinzina. Ngati chala chikutsetsereka ngati pa mbale yadothi, mwalawo ndi wabwino, koma ngati chikumva timchenga tokanda kapena timaenje, dziwani kuti burashi nayonso idzakodwa momwemo ndipo mizere yanu idzatuluka yonjenjemera. Mwala wokhakhala uja timakwechera mapazi kubafa ndi wabwino pa ntchito yake, koma pa ntchito iyi ungokutherani penti. Pewaninso miyala imene imanyenyeka mukaikanda ndi msomali, chifukwa penti adzagwira fumbi la pamwamba osati mwala weniweniwo, ndipo adzakanganuka nalo pamodzi.

Pali malo amene simuyenera kutolako mwala ngakhale utakongola chotani. Dera la Cape Maclear ndi zilumba zozungulira lili ndi malo ambiri amene ali m'kati mwa Lake Malawi National Park, malo otetezedwa amene anakhazikitsidwa mu 1980 ndipo UNESCO inawazindikira mu 1984, ndipo lamulo sililola kuchotsa zinthu zachilengedwe m'malo otere popanda chilolezo. Chifukwa chake n'chomveka kwa aliyense amene anayang'anapo m'madzi a kumeneko: mbuna zimadya ndere zomera pa miyala ndipo zimabisala m'mipata yake, choncho mwala wa m'madzimo ndi munda ndi nyumba ya nsomba. Mwala wa Mphini, thanthwe lija lokhala ndi mizere yonga mphini pa njira yopita ku Cape Maclear, ndi lotetezedwanso, ndipo kulembapo dzina kapena kupakapo penti ndi kuwononga chuma cha tonse. Miyala ya kumanda ndi yosonyeza malire a minda isiyeni pomwe ili, ndipo ngati khwawa likudutsa m'munda wa munthu, pemphani kaye kwa mwini wake.

Potola, musapise dzanja pansi pa mwala musanautembenuze ndi kamtengo, chifukwa zinkhanira zimakonda kubisala pamenepo nthawi yotentha. M'mbali mwa Shire ndi nyanja ya Malombe muli ng'ona ndi mvuu, ndipo madzi odikha okhala ndi nkhono amafalitsa likodzo, motero palibe chifukwa cholowera m'madzi pamene miyala yabwino ili pouma. Tolani isanu kapena isanu ndi umodzi yokha pa ulendo woyamba, yosiyana maonekedwe.

Kutsuka ndi kuyanika

Gawo ili ndi limene ambiri amalidumpha, ndipo ndi limene limawagwetsa. Viikani miyala m'beseni la madzi a sopo, ikwecheni bwino ndi mswachi wakale mpaka dothi ndi ndere zonse zichoke, makamaka m'timing'alu, kenaka itsukuluzeni ndi madzi oyera kuti sopo asatsalire, pakuti sopo wotsalira amapangitsa penti kuterera. Iyanikeni padzuwa tsiku lathunthu, mukuitembenuza masana. Mwala umaoneka wouma pamwamba m'mphindi zochepa, makamaka ndi dzuwa la kuno, koma m'kati umasungabe chinyezi, ndipo mukautsekera ndi penti chinyezicho chimafuna potulukira n'kutukumula pentiyo ngati matuza. Miyala yanga itatu yoyamba inatha choncho. Ndinaitola m'mawa, n'kuitsuka, n'kuyamba kupenta ikadali yozizira, ndipo patangotha sabata imodzi ndinkatha kusenda chithunzi chonse ndi chikhadabo ngati khungu la mbatata yophika.

Ngati pali malo ochepa okhakhala, asalazeni ndi sandipepa wosalala, mutanyowetsa mwalawo kuti fumbi lisalowe m'mphuno, kenaka muutsukenso ndi kuuyanikanso.

Zipangizo

Penti woyenera kwambiri ndi wa acrylic, amene anayamba kufala pakati pa ojambula m'zaka za m'ma 1950. Ubwino wake wagona pa mmene anapangidwira: ndi utoto wosakanizidwa ndi tizidutswa tating'ono kwambiri ta pulasitiki toyandama m'madzi, kotero akakhala wamuwisi amasungunuka ndi kutsukika ndi madzi, koma madziwo akauma tizidutswato timalumikizana n'kupanga khungu limene madzi salisungunulanso. Amagulitsidwa m'timachubu kapena m'timabotolo m'masitolo a zipangizo za sukulu, ndipo ngati simunamupeze pa boma, tumani munthu wopita ku Zomba kapena ku Blantyre. Simufunika mitundu yambiri. Wofiira, wachikasu, wabuluu, woyera ndi wakuda ndi wokwanira, chifukwa wachikasu ndi wabuluu amabala wobiriwira, wofiira ndi wachikasu amabala wonga lalanje, ndipo mukasakaniza itatu yoyambayo mumapeza wofiirira wonga khungwa la mtengo. Woyera gulani wambiri kuposa ena onse, pakuti ndiye amatha msanga.

Amene sanapeze acrylic asagwe ulesi. Penti wa madzi wopaka m'nyumba, wotsala m'chitini pambuyo pa ntchito, amagwira bwino pamwala, ndipo m'masitolo a zipangizo zomangira mumapezeka timabotolo ta utoto wosakaniza mu penti woyera. Penti wa oyilo amawala ndipo amalimba, koma sindimulimbikitsa kwa woyamba: amachedwa kuuma, amafuna thinazi kapena palafini potsuka burashi, fungo lake limapweteka mutu, ndipo wina amakhala ndi mtovu, umene ndi woopsa kwambiri kwa ana.

Maburashi atatu ndi okwanira: yophwatalala yopakira malo aakulu, yozungulira yapakatikati, ndi yosongoka kwambiri yolembera mizere. Onjezani pensulo, choko, timitengo totokosera m'mano, timitengo ta machesi, kansanza, mbale yakale yosakanizirapo mitundu, ndi zitini ziwiri za madzi, china chotsukira burashi ndi china cha madzi oyera osungunulira penti. Chomaliza ndi vanishi woonekera, amene tikambe za iye pambuyo pake.

Kupaka maziko

Miyala yambiri ya kuno ndi yotuwa kapena yoderako, ndipo mukapaka chikasu kapena chofiira mwachindunji, mtunduwo umaoneka wozimirira ngati chitenje chochapidwa kambiri. N'chifukwa chake timayamba ndi penti woyera pa mbali imene tijambulepo. Pakani mopyapyala, burashi ikulowera mbali imodzi, dikirani aume, kenaka pakaninso mopingasa. Kupaka kawiri mopyapyala kumaposa kupaka kamodzi mochindikala, chifukwa penti wochindikala amauma pamwamba pokha n'kudzang'ambika. Kunsi kwa mwala ine ndimakusiya kosapaka, kuti aliyense woutembenuza aone kuti ndi mwala weniweni wa m'khwawa. Ngati mwala uli ndi mtundu wokongola pawokha, monga wakuda bii kapena wa mizere yachilengedwe, mutha kupaka choyera pamalo pokhapo pamene padzakhale chithunzi, kwinako n'kukhala momwe Mulungu anakulengera.

Kusankha chojambula

Musanasankhe chithunzi, ikani mwala patebulo ndi kuuyang'ana kwa kanthawi, chifukwa kawirikawiri mwala umakhala utanena kale chimene ukufuna kukhala. Wautali wosongoka kumodzi ndi nsomba kapena bwato, wozungulira wotumphuka ndi kamba, wophwatalala wotambalala ndi nyanja dzuwa likutuluka, ndipo woimirira wonenepa kunsi ndi mlambe. Kukakamiza nkhwazi yotambasula mapiko pa kamwala kozungulira kumangobweretsa ukali. Ndimalimbikitsa kwambiri kujambula za kwathu kuno m'malo mokopera zithunzi za pa intaneti za nyama ndi maluwa amene sitinawaonepo, pakuti chinthu chimene maso anachizolowera, dzanja limachipeza mosavuta. Tili ndi chambo, kampango ndi ndevu zake, migwalangwa, nyali za asodzi a usipa zondandalikana panyanja usiku, nsanja ya wotchi ya pa boma, ndi mlatho wa Bakili Muluzi wowoloka Shire. Mabanja ena, potsata chipembedzo chawo, sakonda zithunzi za zamoyo m'nyumba, ndipo kwa iwo kuli chuma china chambiri: maluwa, masamba, timizere ta pa mkeka ndi pa lichero, ndi zokongoletsa za pa zitenje.

Kujambula mbuna

Tiyeni titsatire mwala umodzi kuyambira pachiyambi, ndipo mbuna ndi yabwino kuyambira chifukwa mitundu yake ndi yochepa ndipo mizere yake imabisa zolakwika. Maziko oyera atauma, lembani thupi la nsomba ndi pensulo mopepuka, monga tsamba la mango lonenepa, mutu kumanzere ndi mchira kumanja, ndipo musaiwale chipsepse chachitali cha pamsana chimene chimayambira kuseri kwa mutu mpaka pafupi ndi mchira. Pa mwala wakuda gwiritsani choko, chimene chimafufutika ndi kansanza konyowa. Musadinikize pensulo, chifukwa mzere wakuda kwambiri umadetsa penti wachikasu ndi woyera.

Yambani ndi madzi ozungulira nsombayo, osati nsombayo. Sakanizani buluu ndi kadontho ka wakuda, pakani mozungulira thupi, ndipo musiye ziume. Kenaka sakanizani buluu ndi woyera mpaka mupeze mtundu wa thambo la m'mawa, pakani thupi lonse, ndipo pentiyo akadali wamuwisi onjezani woyera pang'ono cha kumimba ndi buluu weniweni cha kumsana, mukusisita malire ake ndi burashi yonyowa pang'ono kuti mitunduyo ilowane. Apa ndi pamene nsomba imasiya kukhala yophwatalala n'kuyamba kuoneka yonenepa. Thupi likauma, tengani burashi yosongoka n'kutsitsa mizere yakuda kuchokera kumsana kupita kumimba, isanu ndi umodzi kapena isanu ndi iwiri, yopindika pang'ono motsata thupi, ndipo iziwonda ikamafika kunsi. Polemba mizere, tsamiritsani chala chakaniso pa mwala kapena patebulo kuti dzanja lisanjenjemere, ndipo m'malo mopinda dzanja, tembenuzani mwalawo.

Diso ndilo lomaliza, ndipo ndilo limapatsa nsomba moyo. Viikani mutu wa kamtengo ka machesi mu penti woyera n'kudinda kamodzi. Likauma dontholo, dindani lakuda laling'ono pakati pake, ndipo lakudalo likauma, ikani kadontho koyera kakang'ono kwambiri cha m'mwamba ndi nsonga ya chotokosera m'mano. Madontho atatu amenewa amatenga nthawi yaitali kuposa thupi lonse chifukwa cha kudikira, koma akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo mukafulumira, woyera ndi wakuda amasakanikirana n'kusanduka diso lotuwa la nsomba yogona pa thandala. Mbuna zina zamphongo zili ndi timadontho tachikasu tonga mazira pa chipsepse cha kunsi, ndipo mukatiikapo, msodzi aliyense adzadziwa kuti munaionadi nsombayo.

Njira yodinda madontho imeneyi ndi luso palokha, ndipo amene akuopa kuti sadziwa kujambula ayambe nayo. Pakani mwala wozungulira ndi penti wakuda, dindani dontho lalikulu pakati ndi kumbuyo kwa pensulo, zungulizani madontho asanu ndi atatu ang'onoang'ono, kenaka mzere wina wa mtundu wina kunja kwake, mpaka mufike m'mphepete. Mukalakwitsa penti akadali wamuwisi, pukutani ndi kansanza konyowa. Ngati wauma, pakani woyera pamwamba pake n'kuyambiranso pamalo pomwepo.

Nyengo ya kuno

Mangochi ndi kotentha, ndipo mu Okutobala ndi Novembala penti wa acrylic amatha kuumira pa burashi musanafike nayo pamwala. Finyani penti wochepa kwambiri nthawi iliyonse, wonga njere ya chimanga, ndipo gwirani ntchito m'mawa kapena madzulo, pamthunzi. Chimene chimandithandiza ine ndi kuyala kansalu konyowa m'mbale, kuikapo pepala lopyapyala losalowa mafuta pamwamba, n'kumasakanizira penti papepalapo, chifukwa chinyezi chochokera pansi chimamusunga wofewa kwa nthawi yaitali. M'miyezi ya mwera, kuyambira cha mu Meyi mpaka Ogasiti, vuto ndi fumbi ndi mchenga zimene mphepo imamata pa penti wamuwisi, choncho vundikirani mwala ndi mbale kapena lichero pamene ukuuma. Nthawi ya dzinja zonse zimachedwa kuuma, ndipo muyenera kuwonjezera nthawi yodikira. Usiku pansi pa getsi tizilombo touluka timagwera pa penti, ndiponso mitundu imaoneka mosiyana ndi mmene idzaonekere masana.

Kupaka vanishi

Vanishi amateteza chithunzi ku madzi, ku thukuta la m'manja ndi ku kukandika, ndipo amabwezeretsa kuwala kumene mitundu inali nako ikadali yamuwisi. Koma penti amene wauma pomukhudza sanalimbe m'kati, motero dikirani maola osachepera 24, ndipo nthawi ya mvula masiku awiri kapena atatu. Pali vanishi wopopera ndi wopaka ndi burashi. Wopopera mugwiritse ntchito panja, mutaima kumene mphepo ikuchokera, chitini chili patali ngati utali wa lula ya kusukulu, ndipo poperani mopyapyala kawiri kapena katatu mukudikira pakati. Wopaka ndi burashi mumudutsitse kamodzi mopepuka osabwerezabwereza pamalo amodzi. Vanishi wa matabwa amagwiranso ntchito, koma wambiri amachititsa mitundu yoyera kuoneka yachikasu pakapita nthawi, choncho muyeseni kaye pa mwala wina.

Chenjezo lalikulu lili pa zolembera za inki. Tsiku lina ndinajambula chambo chimene ndinachikonda kuposa zonse, ndipo mamba ake ndinawalemba limodzilimodzi ndi cholembera chakuda kwa madzulo awiri. Nditangodutsitsa burashi ya vanishi, inki yonse inasungunuka n'kuyenderera thupi lonse la nsombayo, ndipo zinandipweteka mtima kwambiri. Kuyambira pamenepo, ndikagwiritsa cholembera ndimayamba ndapaka guluu woyera wa matabwa wosungunula ndi madzi, mopyapyala, amene amauma moonekera n'kutchinga inkiyo, ndipo vanishi amabwera pambuyo pake. Dzina lanu ndi chaka lembani kunsi kwa mwala musanapake vanishi.

Mukamaliza ntchito

Burashi yosiyidwa ndi penti wa acrylic kwa kanthawi kochepa imauma gwa ndipo sibwereranso, choncho itsukeni ndi sopo nthawi yomweyo, wongolani ubweya wake ndi zala, n'kuigoneka kuti iume. Musaisiye itaimirira m'chitini cha madzi, chifukwa nsonga yake imapindika. Madzi otsukira asapite m'nyanja, mumtsinje kapena pafupi ndi mjigo. Asiyeni m'chitini padzuwa mpaka aphwe, ndipo zotsalira zouma muzitaye kudzala. Pa chifukwa chomwecho, mwala wopentedwa usaponyedwe m'madzi kapena kuikidwa m'thanki ya nsomba, pakuti khungu lake ndi pulasitiki ndipo limanyenyeka pang'onopang'ono.

Ana amakonda ntchito imeneyi, ndipo ndi bwino kuwapatsa penti wa madzi yekha, miyala yaikulu yoti sangaike m'kamwa, ndi malaya akale, pamene vanishi akhale ntchito ya wamkulu. Miyala yomalizidwa imatsindira mapepala patebulo kuti asauluke ndi mphepo, yaikulu imagwira chitseko, ina imalembedwa mayina a mbewu n'kuikidwa kudimba, ndipo timiyala khumi tolembedwa manambala timathandiza mwana wa sitandade 1 kuwerenga. Imene mukufuna kuti isunge mitundu yake kwa zaka zambiri musaiike pamene dzuwa la masana limaomba mwachindunji, chifukwa chofiira ndi chikasu zimazimirira msanga, ndipo ya panja muziipakanso vanishi kamodzi pa chaka, mvula isanayambe.